Dzenje la M'nyimbo za a Kalilangwe

Inu amene mukuti mizimu ndi nkhani ya kumidzi, kuti m'tauni muno singakhale chifukwa cha magetsi, sonkhezerani motowo ndikuuzeni ya ku Kawale. Ine si munthu wa maula. Dzina langa ndine Yokoniya, ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi masipika pa Biwi, ndipo zambiri zimene anthu amabwera nazo akuti ndi ufiti ndimakazipeza zili waya woduka basi. Koma iyi ndinaimva ndi makutu angawa. Sindinena kuti ndinaiona, chifukwa choona panalibe.

Poyamba mudziwe kanthu kamodzi ka ntchito yathu. Sipika yabwino imatulutsa mawu onse mofanana, kuyambira okhuthala a pansi aja timati besi, mpaka ang'onoang'ono a pamwamba. Koma nthawi zina pamakhala malo amodzi pamene mawu amafooka. Nyimbo ikafika pamenepo imamira, kenaka n'kuvuukira patsogolo. Ife amisiri timati dzenje. Kuipa kwa dzenje n'koti khutu sililimva msanga. Mawu akachuluka n'kumaboola m'makutu, mwini wailesi amabwera tsiku lomwelo akukalipa. Koma akasowa, anthu amatha chaka chathunthu akuvina osadziwa kuti pali chimene chinachoka.

A Kalilangwe anali mmodzi mwa anthu ochepa amene ankalimva dzenje. Anali kalipentala, ndipo kutchalitchi kwawo ankayimba besi m'kwaya. Mabokosi a masipika awo anakhoma okha, aakulu ofika m'chiuno, ine n'kuwaikira zam'kati. Kunena zoona anali kasitomala wotopetsa. Ankatha kundiitana ulendo wonse wa ku Kawale kuti ndidzamve kamawu kamodzi kamene akuti kachepa, ine osamva kanthu, koma pofufuza n'kupezadi kuti sakunama. Mpando wawo wansungwi anauyeza ndi chingwe kuti ukhale pakatikati pa masipika awiriwo, ndipo wousuntha ankaona zakuda. Nyimbo ikayamba sankadzuka mpaka ithe. Kaya kwabwera mlendo, kaya chakudya chikuzizira, onse ankadikira.

Anamwalira mvula ikutha, atangodwala pang'ono. Maliro anagona pakhomo pawo ku Kawale, m'mawa mwake n'kunyamuka ulendo wa kumudzi ku Dedza. Ine ndinakhuza nawo pakhomopo, koma kumudzi sindinapite.

Itafika nyengo yozizira, mwana wawo wamkazi, Velina, anabwera kushopu kwanga. Ndi mayi wamkulu ndithu, amaphunzitsa kusukulu ya pulayimale, ndipo si munthu wotengeka ndi mphekesera.

"Ankolo, mukaoneko masipika a adadi aja," anatero.

"Apsa?"

"Akulira bwinobwino. Koma pa kaseti ya kwaya ija mawu a adadi sakumveka. Ena onse alimo."

Ndinamuuza kuti makaseti amakalamba ngati ife tomwe. Iye anapukusa mutu. Anati kasetiyo anakaiyesa m'wailesi ya anansi, ndipo besi inalimo yonse.

Ndinapita masana a tsiku lotsatira, dzuwa lili phwe. Amayi ake, a Nangozo, anali kuseri akuyanika zovala, choncho pabalaza tinali awiri. Velina anaika kasetiyo. Nditaima pakhomo ndinamva zonse, besi ya a Kalilangwe ili pansi pa anzawo monga mwa nthawi zonse. Ndinatsala pang'ono kumuseka mwanayo. Koma anandikodola kuti ndisendere, ndipo nditafika pafupi ndi mpando wansungwi uja, besi inazima. Amayi a m'kwaya ankayimbabe pamwamba, koma pansi pawo panalibe kanthu. Nditabwerera m'mbuyo, besi inabwerera.

Sindinadabwe. Zotere zimachitika m'nyumba zambiri. Mawu akagunda khoma amabwerera, n'kukumana ndi anzawo ochokera m'sipika, ndiye pamalo ena amaphana. Nthawi zinanso wina amakhala kuti walumikiza mawaya mosemphanitsa, wofiira pa wakuda. Ndinayang'ana mawaya, anali bwino. Ndinatsegula mabokosi, sipanang'ambike paliponse. Kenaka ndinalumikiza foni yanga, mmene muli kulira kumene timayezera masipika. Kumayambira pansi penipeni, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa kulira kwa udzudzu. Paliponse m'chipindamo kuliraku kunkakwera bwino. Pampandopo pokha kunkayamba, n'kumira pamene pamakhala mawu a munthu wamwamuna, n'kudzatulukira pamwamba.

"Ndi makoma awa," ndinamuuza Velina. "Tisunthe masipika, dzenjeli lisamuka."

Tinawakokera kutsogolo. Dzenje linali pomwepo. Tinawaika kukhoma lina, tinawayandikizitsa, tinawatalikitsa, mpaka thukuta kamukamu. Dzenje silinasunthe. Apa m'pamene ndinayamba kukwiya, chifukwa ine chinthu chikamakana malamulo a ntchito yanga ndimaona ngati chikundinyoza. Ndinanyamula mpando uja n'kukauika pawindo. Pamene unali poyamba besi inamveka bwino lomwe. Nditapita pawindopo, dzenje linali litafika kale.

Ndili chiimire choncho, a Nangozo analowa. Ndinadzidzimuka kuona mmene anaondera. Sanalankhule za masipika amene tinabalalitsa. Anangonyamula mpandowo, kuubwezera pamalo pake penipeni, n'kukhalapo. Anandiyang'ana mwaulemu, milomo yawo n'kuyamba kuyenda. Ndinatchera khutu. Palibe chimene ndinamva.

"Akukupatsani moni," anatero Velina, maso ali pansi.

"Ndili bwino, Mayi, kaya inu?"

Milomo inayendanso. Kenaka anatembenukira kumasipika, n'kutiiwala.

Pondiperekeza, Velina anandiuza zimene sananene kushopu. Chichokereni kumaliro, amayi ake ankakhala pampandopo kuyambira m'mawa, kaseti ikatha n'kuitembenuza. Poyamba mawu awo ankasowa akakhala pampando pokha. Tsopano ngakhale ali kukhitchini kapena panja, umayenera kuika khutu pakamwa pawo kuti umve. Kuchipatala anawayeza pakhosi ndi m'chifuwa, osapeza kanthu. Chakudya ankangotola pang'ono.

"Chimene chikundiwawa n'choti sindinazindikire msanga," anatero. "Ndinkangoti ndi chisoni, anthu ofedwa salankhula zambiri. Ankolo, amayi anga akutha ine ndikuona. Masipikawo ndilibe nawo ntchito. Ndikufuna amayi anga."

Ndinabwerera kushopu mtima uli wolemera. Koma umisiri ndi matenda, sulola kugonja. Kumapeto kwa sabata ndinabwereka wilibala, n'kukweza masipika anga, ampulifaya yanga yokwezera mawu ndi mawaya anga atsopano, kuti pasakhale chilichonse cha a Kalilangwe. Ndinafika chakumadzulo ana akuweruka kumasewera.

Zinthu zinali zitasintha. Dzenje lija linali litakula. Silinalinso pampando pokha, linkafika pa tebulo mpaka kukhomo la kuchipinda chogona, ndipo silinkameza besi yokha. Wotchi yapakhoma inkamveka ukaima pakhomo, koma ukaponda mkati mwa dzenjemo inkangoyenda yosalira. Ntchentche ina inkazungulira m'chipindamo ikulira, ikadutsa pamwamba pa mpando n'kukhala chete, ikatulukira uko n'kuyambiranso. Sikuludalaiva yanga inagwa pasimenti pafupi ndi mapazi a a Nangozo. Ndinaiona ikudumpha, koma kulira kwake sikunafike kwa ine. Mphaka wa pakhomopo ankayenda mokhula khoma, osadutsa pakati.

Ndinalumikiza zida zanga. Zinachita chimodzimodzi. Ndikuganiza chochita, magetsi anazima monga mudziwa mmene amachitira kuno. Kaseti inaima. M'nyumba monse munangoti zii.

A Nangozo sanasinthe. Mutu wawo unkagwedezekabe pang'onopang'ono, chala chikumenya pa bondo, kutsata nyimbo. Ndinayamba kulongedza mawaya anga, ndipo mwina ndinasokosa, chifukwa anakweza dzanja n'kunena kanthu. Velina anawagwira mkono, kuwakokera kunja kwa dzenjelo pang'ono, n'kuika khutu pakamwa pawo. Atadzuka nkhope yake inali itasintha.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti tidikire kaye. Adadi ali pa vesi lachiwiri."

Sindibisa, ndinachita mantha. Ndinakweza katundu wanga pawilibala mawaya ali lendelende, osawakulunga n'komwe. Panjapo ndinamuuza Velina kuti ntchito iyi yapitirira pa sikuludalaiva, aitane akuluakulu a kwawo kwa bambo ake.

Anabwera a Lufeyo, amalume awo a malemu, nkhalamba yowongoka bwino, yolima mbatata ya kachewere. Velina anandiitananso kuti ndidzawafotokozere zimene ndinapeza. Sanafune kumva zambiri za makoma ndi mawaya. Analowa pabalaza, kuvula chipewa, kuyenda mpaka m'mphepete mwa dzenjelo, n'kuima. Anaponda kamodzi mkati, n'kubweza phazi. Kenaka anatuluka, tonse n'kukakhala pakhonde.

"Bokosi linagona pati?" anafunsa.

"Pabalaza pomwepo, agogo, pafupi ndi mpando," anayankha Velina.

A Lufeyo anapukuta chipewa chawo ndi chikhato.

"Kwathu munthu sitimangomunyamula ngati thumba la chimanga," anatero. "Timamuuza. Potuluka m'nyumba timati, uje, dzuka, tikupita kwanu. Pa mtsinje uliwonse timamuuza kuti tikuwoloka, kuti asatsalire kutsidya. Tsiku lija wonena mawuwo ndinali ine. Ndinaima pakhomo apa. Koma nthawi yomweyo anzake a kwaya anati timulemekeze mnzathu, atuluke ndi nyimbo yake. Anatsegula zimasipikazo mpaka mawindo kunjenjemera. Ndinalankhula, koma ngakhale ine mwini sindinadzimve."

Ndinakumbukira. Ndinalipo, ndipo ndinali mmodzi mwa amene anayamikira kuti masipika akulira bwino.

"Ndiye mukumudziwa mwana wa mlongo wanga uja," anapitiriza a Lufeyo. "Nyimbo ili pakati, ndani akanamudzutsa? Pa Diamphwe ndinagogoda bokosi n'kunena kuti tikuwoloka. Mtima unandiuza kuti ndikulankhula ndi matabwa. Ndinangoti mwina ndi ukalamba."

"Ndiye muwauzenso, agogo," anatero Velina.

"Ine sangandimve. M'menemo mawu anga salowa. Amene akumvana naye ndi mmodzi yekha."

Tonse tinayang'ana kukhomo la pabalaza.

A Nangozo anakana. Velina anawatulutsa panja, a Lufeyo n'kuwafotokozera bwinobwino, mwaulemu wa pachipongozi. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunong'oneza mwana wawo yankho.

"Akuti sakulakwira munthu," anatero Velina. "Akuti anakhala nawo zaka zonsezi osawathamangitsapo m'nyumba, ndiye ayambe lero? Akuti tiwasiye."

Kenaka a Nangozo anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kukakhalanso pampando paja.

Ine ndinaganiza zodula mawaya, kapena kuuba mpandowo n'kukautaya ku mtsinje. A Lufeyo anati ndikatero ndiye kuti ndataya onse awiri. Tikukambirana choncho, Velina anatisiya. Tinamuona kudzera pakhomo akuyenda molunjika, osazungulira ngati mphaka uja. Analowa m'dzenjemo n'kugwada pamaso pa amayi ake. Anawagwira mawondo n'kuyamba kulankhula. Ife sitinamve kanthu. Tinkangoona msana wake ukugwedezeka, kukamwa kukutseguka kwambiri. Ankafuula, ndipo mitsempha ya pakhosi inatuluka. Ngakhale wakhungu akanadziwa kuti akuti "Amayi".

A Nangozo anasiya kumenya chala pa bondo. Anamuyang'ana mwana wawo pakamwa, n'kupendeketsa mutu monga amachitira munthu amene akufuna kumva. Anasendera pafupi. Anaika khutu lawo pa milomo ya Velina penipeni. Ndinaona nkhope yawo pamene anazindikira kuti mwana amene anabereka okha akulira m'khutu mwawo, iwo osamva kalikonse. Kenaka anatambasula dzanja, n'kuzimitsa wailesi.

Tinanyamuka m'mawa mwake ulendo wa kumudzi ku Dedza pa kagalimoto ka mnansi wina. Ndinazula mawaya onse kukhoma, mafoni tonse tinazimitsa, ndipo dalaivala tinamuuza kuti wailesi yake asaiyatse. A Nangozo anavala chitenje chawo cha kumaliro. Anaima patsogolo pa mpando wopanda munthuwo, milomo yawo n'kuyenda kwa nthawi ndithu. Zimene ananena sindikuzidziwa, ndipo si zanga. Atamaliza anandikodola kuti ndinyamule. Mpando wansungwi ndi chinthu chopepuka, ndinali nditaunyamulapo ndi dzanja limodzi. Tsiku limenelo tinathandizana ndi dalaivala.

A Lufeyo ndi Velina anakhala kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo kuti ndizigwira mpando, a Nangozo ali pamphasa mbali inayo, dzanja lawo lili pa mwendo wa mpandowo. Galimotoyo inali yakale, yosokosa kwambiri. Koma ndikaweramira kumpando, injini inkazimirira ngati yatsalira kumbuyo kwa phiri. Ndinasankha kukhala chowongoka ulendo wonse.

Pa mlatho wa Nanjiri a Lufeyo anagogoda galasi, dalaivala n'kuchepetsa liwiro. A Nangozo anaweramira kumpando n'kulankhula. Sindinamve kanthu.

Tisanafike pa Diamphwe tinaima kuti dalaivala athire madzi m'galimoto. Panali bambo wina wachikulire m'mbali mwa msewu, njinga yake itaphulika tayala. Anabwera akukankha njingayo kuti apemphe matola, poona kuti kumbuyo kuli malo ambiri. Atafika pafupi anasuzumira, n'kuima. Anayang'ana mpandowo, osati ine kapena a Nangozo. Anavula chipewa.

"Pepani, sindinaone kuti muli ndi maliro," anatero. "Muyende bwino."

Anabwerera chafutambuyo ndi njinga yake, ndipo chipewacho sanavale mpaka tinanyamuka.

Pa mlatho wa Diamphwe ndinamva kanthu, kamphepo chabe kotuluka pakamwa. Pa Linthipe ndinamva mawu enieni, osasa ngati a munthu wodwala chifuwa.

"Bambo a Velina, pano ndi pa Linthipe. Tikuwoloka. Musatsale."

Kumudzi a Lufeyo anali atatumiza kale uthenga kwa eni manda, ndiye adzukulu anatitsogolera. Mpandowo tinauika kumutu kwa manda a a Kalilangwe. A Nangozo anagwada, n'kunena momveka kuti aliyense amene analipo anamva.

"Mwafika kwanu. Nyimbo ija inatha kale. Ine ndikubwerera kwa mwana."

Palibe chimene chinagwedezeka, palibe mphepo imene inawomba. Ndinangozindikira kuti ndikumva njiwa zikulira m'mitengo ya kumandako, ndipo ndinali nditaima pafupi penipeni ndi mpando. Mmodzi wa adzukulu anausuntha pang'ono ndi dzanja limodzi kuti ukhazikike bwino.

Tinafika ku Kawale dzuwa litapendeka. Velina anandipempha kuti ndilumikizenso masipika ndisanapite, tione. Ndinabwezera chilichonse m'malo mwake, n'kuyatsa kulira kwa pafoni kuja. Ndinayenda chipinda chonse, pakona ndi pakona, mpaka pakati pamene pankakhala mpando. Kulirako kunakwera kuchokera pansi mpaka pamwamba osamira paliponse. Pa ntchito yanga yonse sindinamvepo chipinda cholira mofanana chonchija.

Kenaka Velina anaika kaseti ya kwaya. Besi ya a Kalilangwe inadzaza nyumba yonse, yokhuthala, yoyera bwino. Ine monga mmisiri ndinakondwa. A Nangozo anaima pakati pa chipinda, pasimenti popanda mpando, n'kumvetsera mzere woyamba ndi wachiwiri.

"Zimitsani, a Yokoniya," anatero, ndipo mawu awo anamveka pamwamba pa nyimboyo.

Ndinazimitsa.

"Imeneyo ndi kaseti," anatero. "Iwo aja ndinkawamva akamakoka mpweya asanayambe mzere. Apitadi."

Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Sikunali kulira kwa mwakachetechete ayi. Anali maliro enieni, okuwa, otchula dzina la mwamuna wawo, amene akuti ngakhale tsiku loika sanalire choncho. Anamveka mpaka kumsewu. Amayi oyandikana nawo anabwera akuthamanga, ena akumanga zitenje m'njira, poganiza kuti pagwanso zovuta pakhomopo. Anapeza Velina atakhala pansi, atawakumbatira amayi ake, misozi ili mbwembwembwe koma akuseka.

Mayi wina anafuna kuwatonthoza a Nangozo kuti akhale chete. Velina anamugwira dzanja.

"Asiyeni alire, anthuni," anatero. "Ndikufuna ndiziwamva."